Ku Hanoi Osafunsa Mtengo M'mawa Ngati Sugula

Ikamakwana 3 koloko usiku, pamsika wa pansi pa mlatho wa Long Biên mumzinda wa Hanoi ntchito imakhala itafika pachimake. Malole a zipatso amakhala atafika kale, ena kuchokera kummwera kwa Vietnam, ena kumalire a China, ndipo amayi okoka ngolo zamanja amathamanga ndi makatoni a malalanje ndi mavwende m'tinjira toti munthu mmodzi wonenepa akhoza kutseka. Ambiri mwa amayiwa ndi ochokera kumidzi, ndipo amalipidwa malinga ndi katundu amene asamutsa. Mlendo woima pakati pa njira n'kumajambula ndi foni amakhala akuwadyera ndalama. Palibe womuuza kuti apatuke. Ngolo imangomukhudza kuchidendene, iye n'kudumpha, ntchito n'kupitirira. Woyenera kupepesa, malinga ndi malamulo a pamalopo, ndi mwini chidendene.

Mlathowo ndi nkhalamba yamakani. Afalansa anaumanga pa mtsinje wa Hồng pakati pa 1899 ndi 1902, ndege za America zinauphulitsa mu 1967 ndi mu 1972, koma mpaka lero sitima ikudutsapobe. Dziko lonse la Vietnam limayenda kumanja kwa msewu. Pa mlatho uwu njinga zamoto zimayenda kumanzere, ndipo palibe amene amaoneka wodabwa.

Pofika 5 koloko, katundu woodedwa usiku uja amakhala atamwazikana mumzinda. Wina ali pa njinga yakapalasa, wina m'madengu awiri olendewera kunsungwi imene mayi wachipewa chosongoka wasenza paphewa. Maluwa a ku msika wa Quảng Bá, umenenso umachita malonda usiku, amayenda atamangidwa pa njinga mpaka wopalasayo osaoneka. Nthawi imeneyi ndi imene mlendo wamakhalidwe abwino amapalamula mlandu wake waukulu. Amaima pa dengu la mango, kutola limodzi, kulinunkhiza, kufunsa mtengo, kunenerera mofatsa, kenaka kumwetulira n'kunena kuti abweranso. Sadziwa kuti wamuwonongera munthu tsiku lathunthu. Ogulitsa ambiri a ku Vietnam amakhulupirira kuti kasitomala woyamba, amene amati wachita mở hàng, ndiye amabweretsa mwayi kapena minyama ya tsikulo. Akagula msanga, osalimbalimba, malonda ayenda. Akafunsa n'kuchoka chimanjamanja, mayi uja amayatsa kapepala n'kukazunguliza pamwamba pa katundu wake, uku akung'ung'udza kuti tsoka la wofunsa mtengoyo limutsatire mwini wake. Mlendo akacheuka amaona utsi n'kuyesa kuti akumutsanzika mwamwambo, mwinanso n'kubwerera kudzajambula.

Eni mzinda amadziwa kuyenda kwake. Amayamba afunsa ngati wina wagulapo kale. Akamva kuti inde, ulemu amaupinda n'kuika m'thumba, n'kuyamba kunenerera ngati mtengowo wawatukwanira makolo.

Koma asanafike pa mtengo pali mayeso ena. Pamsika wa ku Hanoi aliyense amaitanidwa monga wachibale: wamng'ono kwa iwe ndi em, wamkazi wokuposa pang'ono ndi chị, wamsinkhu wa azakhali ndi cô, wamsinkhu wa agogo ndi bà. Munthu asanagule anyezi ayenera kuyeza zaka za wogulitsa ndi maso, mumdima, mofulumira. Kufuula kuti "Chị ơi!" kwa mayi wa zaka 55 ndi chiphuphu chotchipa chimene chikhoza kubweza tsabola wa basela. Kumuitana mayi yemweyo kuti "Bà ơi!" ndi kudzikwezera mtengo wekha. N'chifukwa chake kumeneko kufunsa munthu zaka zake mutangokumana si mwano. Wofunsayo akungofuna kudziwa amene ayenera kugonjera mnzake.

Ogula ambiri satsika n'komwe. Mumzinda wa anthu oposa 8 miliyoni muli njinga zamoto pafupifupi 7 miliyoni, ndipo mwini njinga amaona kuti kuzimitsa injini chifukwa cha mtolo umodzi wa ndiwo n'kutaya ulemerero. Amalowa nayo m'kanjira ka msika, kuima phazi limodzi pansi, kuloza nsomba ndi chibwano, kukoleka jumbo pachiwongolero n'kusuntha mamita awiri kukaloza nkhumba. Wakumbuyo amaliza hutala. Sanakwiye ayi, akungodziwitsa anthu kuti aliko.

Chakudya cham'mawa chili ndi malamulo akeake. Phở ndi msuzi wa mafupa a ng'ombe owiritsidwa kwa maola ambiri, wothiramo tizingwe ta ufa wa mpunga, nyama yodulidwa mopyapyala ndi anyezi wamasamba. Pamalo ena otchuka mumsewu wa Bát Đàn, anthu amaima pamzere kusanache bwino, amalipiriratu, amanyamula okha mbale yotentha n'kudzisakira pokhala. Mabwana ovala mataye amapinda mawondo pa timipando tapulasitiki tofika m'katumba, zigongono zikugundana ndi za woyendetsa njinga yamoto yaganyu. Wakhuta anyamuke, chifukwa wina waima kale kumbuyo kwake ndi mbale ikufuka nthunzi pamwamba pa khosi lake. Makoko a mandimu ndi timapepala topukutira pakamwa zikachuluka pansi, odziwa amati kuno ndiye kophika bwino. Pamalo posesedwa bwino amapayang'ana mokayika.

Hanoi ali ndi malo odyera amene amatchuka chifukwa choti eni ake amakalipira makasitomala. Wozengereza posankha, kapena wopempha zosintha zambiri m'mbale yake, akhoza kuuzidwa kuti apite akaphike yekha kwawo. Anthony Bourdain anaonetsa amodzi mwa malowa, a mumsewu wa Ngô Sĩ Liên, pa pulogalamu yake ya pa CNN mu 2016, ndipo anthu anawonjezeka kupita kukadzigulira chipongwe ndi ndalama zawo. Polipira, mlendo asamale: ndalama yapepala ya 20,000 đồng ndi ya 500,000 đồng zonse ndi zobiriwira mwa mtambo, ndipo m'kachisisira ka m'mawa zimafanana kwambiri. Wosokoneza amaona kwa nthawi yoyamba wogulitsa akumwetulira.

Kunyanja ya Hoàn Kiếm, pakati pa mzinda, okalamba amakhala atalanda malo kuyambira mbandakucha. Gulu lina likuchita tai chi mwapang'onopang'ono, lina likuvina ndi wailesi yofuula, lina likumenya badminton popanda ukonde, agogo ena afola mzere aliyense akusisita msana wa wapatsogolo pake. Pafupi ndi chipilala cha mfumu Lý Thái Tổ, amene anasamutsira likulu la dziko ku Hanoi mu 1010, pamakumana gulu la anthu ochita masewera oseka. Amakweza manja n'kuseka chikhakhali onse pamodzi, popanda wonena nthabwala, chifukwa akuti n'zabwino ku thanzi. Nthawi ikatha, nkhope zimabwerera mwakale, ndipo ena mwa iwo amalunjika kumsika kukakangana ndi wogulitsa nyemba zophukira pa 2,000 đồng.

Kanjira ka oyenda pansi m'mphepete mwa msewu kamagwira ntchito zonse kupatula yoyendamo. Ndi khitchini, ndi malo oimika njinga, ndi pometera tsitsi, ndi pomwera tiyi wozizira. Woyenda pansi amayenda mumsewu. Akuluakulu a mzinda analetsa malonda oyendayenda m'misewu yoposa 60 mu 2008, ndipo mu 2017 ndi mu 2023 anachitanso kampeni yobweza tinjirati kwa oyenda pansi. Zotsatira zake ndi zoti ogulitsa anaphunzira liwiro. Kagalimoto ka apolisi a m'dera kakangotulukira pakona, uthenga umathamanga kuposa galimotoyo: madengu paphewa, mipando m'manja, mphika m'khonde la mnansi. Kasitomala amatsala ataimirira ndi mbale kumanja, timitengo todyera kumanzere, akuyang'ana kumwamba mwaulemu pamene apolisi akudutsa pang'onopang'ono akuyankhula pa chimkuzamawu. Galimoto ikakhota, mpando umabwerera pansi pake, ndipo mwini malo amamufunsa ngati awonjezere msuzi, poti wazizira.