Mavavu a Titaniyamu ndi Mimba ya Mwini Wake

Mbadwo wa chombo chimene ndikwera ine uli wotere. M'chaka cha 1970 Honda wa ku Japan anabala njinga yamoto ya matayala atatu onenepa, imene inakondweretsa anthu a ku America kufikira pamene inayamba kuwagubuduza m'zigwa, kotero kuti pofika 1988 kugulitsa zatsopano kunalekeka m'dzikomo; koma asanafike masiku amenewo Suzuki anali atabala kale ya matayala anayi, ndipo mtundu wa matayala anayiwo unachulukana nudzaza minda ya dziko lapansi, ndipo mwa zidzukulu zake munali TRX300, ya injini ya 282 cc yozizira ndi mphepo, imene inatumikira pa famu ina ku South Africa mpaka penti inatha, isanandipeze ine kudzera mwa alamu anga, amene anaikweza pa lole pamodzi ndi filiji ndi matilesi.

Kuno kwathu ntchito yake inali ya ulemu koma yopanda ulemerero: kukoka kangolo ka zigubu za madzi, matumba a feteleza ndi kabichi wa ku dimba. Mtendere unachoka tsiku limene mphwanga anandionetsa pa foni anyamata akuuluka m'mchenga wa m'chipululu pa YFZ450 ya Yamaha, imene, atero mphwangayo, inatuluka ndi mavavu asanu a titaniyamu pa silinda imodzi, pamene yanga ili ndi awiri okha achitsulo wamba. Ndipo mzimu wa Yehu mwana wa Nimsi, uja anadziwika patali ndi kayendetsedwe kake ka galeta, unandilowa ine munthu wa imvi, msungichuma wa mpingo. Masiku omwewo njingayo inayamba kuvuta kulira m'mawa ndi kufooka pachitunda, mpaka mnyamata wina wa njinga yakapalasa, atasenza matumba awiri a makala, anandipitirira nandipatsa moni wa ulemu, umene unandipweteka koposa mwano.

Kuti owerenga asandiyese wongolota, ndiyambe ndaonetsa kuti nkhaniyi ndinaiphunzira. Injini ya mtundu uwu, imene Nikolaus Otto anaikhazikitsa ku Germany mu 1876, ikhala ndi moyo pa zochita zinayi: ikoka mpweya wosakanizika ndi petulo, iupanikiza, iutentha, kenaka itulutsa utsi, ndipo zolola mpweya kulowa ndi utsi kutuluka ndiwo mavavu, okhala m'hedi pamwamba pa pisitoni. Injini ikamazungulira ka 6,000 pa mphindi, vavu iliyonse itseguka ndi kutsekeka ka 50 pa sekondi imodzi, yotulutsa utsiyo ikuchita zimenezi ili pa kutentha kwa madigiri 700. Popeza tsono mphamvu ya injini ili pa kuchuluka kwa mpweya umene ingameze ndi kuutentha, ndinalemba malamulo anga kuseri kwa envelopu ya masika: mavavu akulitsidwe, akhale a titaniyamu, njira za mpweya zikumbidwe ndi kupukutidwa mpaka munthu adzionemo nkhope, ndipo hedi ipalidwe pansi kuti mpweya upanikizike kwambiri.

Amakaniko, nkhalamba yogwira ntchito patsinde pa mango, anawerenga envelopu ija mpaka pansi, naipinda mwaulemu, naikhazika pansi pa mwendo wa benchi umene unali kugwedera. Atamasula hedi anaipendeketsa, nathira parafini m'njira yolowera mpweya, mavavu ali chitsekere. Ndipo tonse tinaona kadontho kakutuluka m'mphepete mwa vavu, kakukula, kakutsetsereka pa mwaye, kenaka kena pambuyo pake. Anaichotsa vavuyo nandipatsa kuti ndiikhudze, ndipo mlomo wake, umene uyenera kukhala wochindikala, unali utadyeka mpaka kuthwa.

"Bwana, njinga yanuyi sikufuna kuuluka ayi, ikufuna kutseka pakamwa," anatero. "Vavu yadyeka, yamira m'mpando wake, mpata wa pamwamba watha, ndiye sikutseka. Mpweya mukuupanikizawo ukuthawira pomwepa."

Ine ndinaumirira pa envelopu, pakuti munthu wogulitsa mbuzi chifukwa cha liwiro, monga ndinachitira ine, sabwerera ndi uphungu wokha. Pamenepo nkhalamba ija inanditsutsa lamulo ndi lamulo, mosakweza mawu. Njira ya mpweya ikakula mopitirira, mpweya uyenda mwaulesi injini ikamazungulira pang'onopang'ono, ndipo mphamvu yokokera ngolo pachitunda isamukira kumwamba kumene mwini dimba safikako. Njira yolowera ikasalala kwambiri, petulo aundana m'madontho pakhoma m'malo mosakanizika ndi mpweya, n'chifukwa chake odziwa aisiya yokhakhala pang'ono, napukuta yotulutsa utsi yokha kuti mwaye usakakamire. Hedi ikapalidwa mopyola, injini iyamba kugogoda ndi kutentha, ndipo vavu ndi pisitoni, zimene wopanga anazilekanitsa mwanzeru, zikomana tsiku lina pa liwiro, msonkhano umene satulukapo wamoyo. Ndipo wakulitsa mavavu ayenera kugulanso masipulingi olimba, kusintha majeti a kabuleta, mwinanso kamushafuti ndi ekizozi, pakuti walira mvula walira matope.

Za titaniyamu anavomera kuti vavu yake ipepuka pafupifupi magawo 40 pa 100 poyerekeza ndi yachitsulo, koma anati yakutidwa ndi kakhungu kolimba kopyapyala, kamene fumbi likakaboola vavuyo itha msanga, ndiponso siloledwa kupekesedwa ndi phala lonolera. Atatero anandiyang'ana kuyambira pa kolala kufikira pa lamba, naima nthawi pa batani lija livutika kwambiri mwa mabatani onse a malaya anga.

"Magalamu mukufuna kuchotsawa, bwana, alipo malo ena pamene angachoke osalipira ndalama."

Ndinawayankha mwaukali woyenera kuti kupepuka kwa vavu sikuyesedwa pa sikelo ya katundu, koma kuthandiza sipulingi kuibweza msanga kuti isayandame injini ikathamanga kwambiri. Anagwedeza mutu kuvomereza kuti ndanena zoona, nawonjezera kuti phindu limenelo lioneka injini ikamazungulira ka 10,000 pa mphindi, liwiro limene yanga ingalione pokhapokha itagwa kuchokera pamwamba pa phiri la Mulanje.

Chimene chinachitika tsono ndi ichi. Hedi inapita kutauni kwa anthu a makina, amene anasema mipando ya mavavu m'makona atatu, a madigiri 30, 45 ndi 60, kuti mpweya ukhote mosapunthwa ndipo vavu ikhale pa la pakatilo. Tinagula mavavu atsopano achitsulo, tizisindikizo ta oyilo ndi gasiketi. Ndipo amakaniko anapaka phala lonolera pamlomo wa vavu, naigwira ndi kamtengo ka mphira kunsonga, naipekesa pakati pa zikhato monga momwe makolo athu ankapekesera moto, akuinyamula ndi kuitembenuza, kufikira mkombero wotuwa wosaduka unaoneka kuzungulira mlomo wonse. Parafini anathiridwanso, ndipo sanadonthe. Mabawuti anamangidwa mopingasa, pang'onopang'ono, kuti hedi isapindike, ndipo mpata wa vavu, wosafika ngakhale theka la theka la milimita, unayesedwa ndi kachitsulo kopyapyala injini ili yozizira. Gawo langa pa ntchito yonseyi linali kugwira mbale ya mabawuti ndi kuingitsa nkhuku.

Atatsegula bokosi la fyuluta kuti amalize, anapezamo fumbi lofiira, chisa cha mavu, ndi malo pamene panayenera kukhala siponji. Sanalankhule. Ine ndinafotokoza, ndipo ndikali kuima pa mawu anga, kuti ngati mphamvu ili pa mpweya, chotsekereza mpweya chilichonse ndi mdani wa mphamvu, ndi kuti kuchotsa siponjiyo m'mwezi wa Ogasiti kunali kafukufuku wa sayansi, amene fumbi la m'misewu yathu linasokoneza mwa nsanje.

Siponjiyo ndinaipeza madzulo pa thandala la mbale, yochapidwa bwino, itadulidwa pakati. Nditapempha kuti ibwerere ku ntchito yake yakale, mayi a kunyumba sanatembenuke n'komwe.

"Munaitaya nokha kuseri kwa khola, abambo, ine ndinangotola. Yatsopano mukagule ndi chenji cha mbuzi ija, ndipo pobwera mudzere ku chigayo, matumba ali pakhondepo."