Injini yabwata, ife tiseke

Mkulu wina wa ku Nsanje atagula galimoto, makaniko anamulangiza kuti: "Bwana, chivundikiro cha ladiyeta musamatsegule injini ili yamoto, madzi ake angakusupuleni nkhope. Muzidikira kuzizira." Patapita miyezi itatu galimoto ija inabwata. "Kodi madzi mumaonamo?" anafunsa makaniko. "Paja munati ndidikire kuzizira? Kuno kumazizira mu Juni."

Achimwene ena akukwera chikweza cha Chikwawa kulowera ku Blantyre, kamuvi koonetsa kutentha kwa injini kanachoka pa C n'kumathamangira ku H. Iwo mano onse pamtunda, anakodola mkazi wawo: "Amake mwana, taonani galimoto yanzeru iyi. Kamuvi kamafuta kakutsika, koma kanzakeka kakutibwezera."

Ndiye pali a neba anga, munthu wosamala zedi. Loweruka lililonse boneti m'mwamba, kulanti wobiriwira m'manja, kuthira mpaka kathanki kudzadza. Tsiku lina injini inapsa ndithu. Makaniko atafika anangokoka kandodo ka mawaipa, madzi obiriwira tsaaa pagalasi! A neba anayang'ana kwa kanthawi. "Komabe chigulireni, galasili silinatenthepo."

Mu minibasi ya HiAce yochokera ku Limbe, amayi ena analimbira mpando wakutsogolo mpaka anaupeza. Pofika ku Namadzi thukuta lili kamukamu. Dalaivala anaima: "Mayi, tatsikani pang'ono tithire madzi, injini ili pansi pa mpando wanuwo." Amayi aja anawomba m'manja. "Zikomo Ambuye! Ine ndimayesa malungo."

Mu minibasi yomweyo ladiyeta inayamba kudontha. Dalaivala anagula dzira laliwisi pagolosale, n'kuliswera mu ladiyeta kuti litseke kabowo. Kondakitala anameza malovu. "Akulu, mukamatsuka ladiyetayo mundiitane, ndibwera ndi kamchere."

Makaniko wina anasolola kandodo koyezera oyilo n'kupukusa mutu: "Taonani, oyilo wasanduka tiyi wamkaka. Gasiketi yapsa, madzi alowa mu oyilo." Mkazi wa mwini galimoto anatembenukira mwamuna wake, manja m'chiuno. "Oho! Mkaka wa ana uja umathera kuno?"

Mnyamata wophunzira ntchito pagalaja anatumidwa kukaona ngati madzi ali pakati pa MIN ndi MAX mu Volkswagen Beetle yakale ija, yomwe injini yake ili kumbuyo ndipo imazizira ndi mphepo. Anatsegula boneti yakutsogolo, n'kubwerera ali wefuwefu. "Bwana, madzi mulibe, ladiyeta mulibe, injininso aba! Koma mwayi, m'buti muli yapadera."