Thirani oyilo wambiri, musatsuke

Ku Ulaya kuli madoda a imvi zawo amene amaweta tisitima toseweretsa ta makampani ngati Märklin ndi Hornby, tina tochepa ka 87 poyerekeza ndi sitima yeniyeni. Kasamalidwe kawo ndi kaumbombo. Amayamba apukuta mawilo ndi njanji, n'kutola fumbi ndi ulusi m'magiya, kenako amaika kadontho kamodzi ka oyilo kotapira kunsonga ya singano. Ati oyilo akachuluka amaitana fumbi n'kutsekereza magetsi. Ife a ku Tsangano tisatengere zimenezo. Sitima ya malasha yochokera ku Moatize imadzera ku Mwanza, Neno ndi Nkaya, ulendo wa makilomita 912 mpaka kudoko la Nacala, ndipo kuno ngakhale kulira kwake sitikumva. Sitima yathu ndi njinga yosenza matumba a kachewere, woyendetsa ndiye injini yake yomwe. Lamulo loisamalira ndi limodzi basi: thirani oyilo wambiri, musatsuke.

Oyilo woyenera ndi wakuda bii uja wokhetsedwa mu injini ya chigayo, wosungidwa m'kabotolo ka Frozy. Ameneyu anagwirapo kale ntchito, ndiye saphunzitsidwanso. Tizitsulo tonyenyeka tili m'menemo musatisefe, ndiyo ndiwo ya tcheni. Khuthulani mpaka adonthere pa limu, kuti mabuleki asamakuchedwetseni potsika mapiri athuwa. Fumbi la mu Okutobala likafika limakakamira n'kusanduka phala lonola, lomwe limadya mano a giya usana ndi usiku mpaka asongoke ngati minga ya mthethe. Tcheni nayo imatalika, imayamba kudumpha, n'kumavuka yokha pakati pa chitunda. Apa ndiye pali phindu: munthu wosenza matumba awiri akanapumira kuti, njinga ikanapanda kumuganizira chotere?

Alipo amakaniko ena amene angatsutse. Amati tcheni iviikidwe mu parafini, ikwechedwe ndi mswachi wakutha, iume, kenako mudontheze oyilo woyera wa makina osokera pamfundo iliyonse ndi kupukuta wotsala ndi kansanza. Zoonadi, tcheni yotere imakhalitsa, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Ikakhalitsa, wogulitsa sipeya pamsika wa Tsangano Turn-off adya chiyani? Makaniko wolangiza zimenezi akudzithira yekha mchenga m'nsima. Ena amadandaula za buluku, ati amayi akunyumba atopa n'kuchapa. Komatu chizindikiro chakuda cha kumwendo wamanja chija ndi satifiketi. Kuchokera ku Furancungo mpaka ku Ulongue, aliyense akachiona amadziwa kuti bambo awa ali ndi njinga, ndipo oyilo sawumira.

Oyilo wa chigayo akasowa, mafuta otsala pokazinga tchipisi nawonso amagwira. Amauma n'kumata ngati ulimbo, ndipo usiku nyerere zimabwera kudzayendera tcheni mfundo ndi mfundo, osalipiritsa ngakhale metikali imodzi.