Ufulu wanga umathera pa geti

Pa bawo ku Kawale amandidziwa kuti ndine loya wa anthu a lendi. Ndimawaphunzitsa mosajejema: mwininyumba ayenera kukupatsa notisi, ndipo ukakana kutuluka apite kukhoti, osati kuzula chitseko kapena kusasula malata. Anzanga amawomba m'manja. Koma alandilodi akangotulukira, uloya wonse umatsikira m'maondo, pakamwa pamangotsala "Wawa bwana."

Pano ndili pakalikiliki kusaka nyumba. Ejenti wina anandilonjeza ina ku Area 25, akuti "madzi pompo." Ndinalipira yoonera, ndinalipira kabaza wanga ndi wake yemwe. Munthuyo sananame. Madzi analidi pompo, m'chipinda chogona, ochokera kudenga.

Mayi eni nyumba anandikhazika pakhonde n'kuyamba kundizenga mlandu. "Ana muli nawo angati? Mumagwira kuti? Mumapemphera mpingo wanji? Achibale akumudzi akabwera amakhalitsa?" Nanenso ndinali ndi mafunso anga, olembalemba papepala. Mita ya ESCOM ndi yanga ndekha, kapena mayunitsi anga aziphikira nyemba mdadada wonse? Ngongole ya madzi imene anasiya wotuluka alipira ndani? Nanga dengali akonza ndani? Pepalalo linakana kutuluka m'thumba. Ndinangolimba mtima pa limodzi, loti tilemberane pangano.

"Achimwene," anatero mayiwo, "pano timakhala pachibale. Mapepala ndi a anthu osakhulupirirana."

Chibalecho chinkafuna lendi ya miyezi itatu pamodzi, risiti osaitchula n'komwe.

Komatu tisawaweruze msanga. Mayi a kunyumba amati ndikamakamba za ufulu ndimakweza mawu, za udindo ndimatsokomola. Kumene tikufuna kusamukako, ana asandutsa khoma bolodi ya sukulu, galasi la windo latsekedwa ndi katoni, ndipo tsiku langa lotsuka chimbudzi chogawana likafika msana umandivuta mwadzidzidzi. Mwezi ukatha ndimalowa pakhomo usiku, nsapato m'manja, foni nditazimitsa. Ndikanakhala ine landilodi, munthu ngati ine sindikanamupatsa ngakhale khola la nkhunda.

Ndiye abale, amene akudziwa nyumba ya mita yakeyake, ya mwini wake wosaopa kusaina pepala, anditsine khutu. Alandilodi anga okha musawauze, ya mwezi wathawu sindinamalize.