Ndagula Mchenga ku Mangalande

Abale anga, ndili ndi mlandu woti ndiulule ndekha musanaumve kwa mayi a kunyumba, chifukwa iwo akamafotokoza zanga amathira tsabola. Ine mwana wa ku Mitundu, amene ndinakula ndikusesa mchenga pabwalo m'mawa uliwonse, miyezi ingapo yapitayo ndinapisa m'thumba, kutulutsa mapaundi, n'kugula mchenga. Wa m'kapaketi. Wogulitsayo ndinamuthokozanso.

Zinayambira kuntchito. Kuno ku Nottingham ndimasamalira okalamba, ndipo mmodzi mwa iwo ndi mdala wina amene ndimangowatcha a Ndevu. Tsiku lina ndikuwafunira magalasi, ndinatsegula kabati n'kupezamo asilikali mazanamazana ali ndandanda, aliyense wa mamilimita 28, wosafika n'komwe pa kamtengo ka machesi. Ena ovala majekete ofiira, ena onyamula zishango ndi mikondo. Ndinabwerera chafutambuyo. Kwathu ukapeza tizidole totere m'kabati ya munthu wamkulu, sufunsa. Umangotsanzika bwinobwino n'kukauza abusa.

A Ndevu anaseka mpaka kutsokomola. Anati awa ndi masewera a nkhondo ya patebulo, ndipo si a ana. Buku loyamba lotchuka la malamulo ake, Little Wars, analemba ndi H. G. Wells mu 1913. Anatinso ndakhala zaka zonsezi pamchombo pa malondawa osadziwa: Games Workshop, Warlord Games ndi Perry Miniatures onse ali mu Nottingham momwemu. Iwo amakonda nkhondo za nthawi ya atsamunda, makamaka ya pa Isandlwana ya pa 22 Januwale 1879, pamene Azulu anakwapula Angerezi. Atamva kuti ndine wa ku Malawi, anatulutsa kapaketi kena manja akunjenjemera. "Awa ndi Angoni," anatero. Anawaumba ndi mmisiri wotchedwa Mark Copplestone, ndipo ndinaona ndi maso angawa nthenga kumutu, chishango, chibonga, zonse zili m'malo mwake.

Pamenepo m'pamene Satana anandilowa. Ndinati mumtima: mu Okutobala 1896 asilikali a boma la atsamunda anagonjetsa Angoni a Gomani n'kupha mfumuyo. Bwanji ine ndikonze mbiriyi patebulo, azungu athawe kamodzi kokha?

Walira mvula walira matope. Choyamba anandigulitsa buku la malamulo, The Men Who Would Be Kings, la Daniel Mersey, lomwe linatuluka mu 2016. Mmenemo ndinaphunzira kuti mbali iliyonse imapatsidwa mapointi 24. Gulu la asilikali 12 a boma limadya mapointi 6, pomwe gulu la ankhondo 16 a mikondo limadya 3 okha. Ndinakondwa kuti athu ndi otchipa, mpaka nditawerengetsa. Mzungu akagula tizidole 48, nkhondo yake yakwana. Ine ndimayenera kugula 128. Ndiye kuti ngakhale m'masewera, wa chishango ndi amene amalipira msonkho wambiri.

Tsono musaganize kuti tizidoleti timabwera titavala. Timabwera totuwa ngati nsima ya dzulo. Ta chitsulo umayamba watipala ndi kampeni, ta pulasitiki umadula mikono ndi mitu n'kumata wekha. Usiku woyamba guluu anamata chala changa chachikulu ku chishango, ndipo ndinapita kuntchito m'mawa nditanyamula chida cha nkhondo m'basi. Kenako penti. Tibotolo ta Vallejo ta ku Spain n'tating'ono ngati ta mankhwala a m'maso, koma pamafunika kena ka nthenga, kena ka chikopa cha ng'ombe, kena ka mkondo, kena ka khungu. Pa khungupo m'pamene ndinazunzika. Ndinakhala maola awiri ndikusakaniza mitundu, kupaka pamkono wanga, kuyang'ana pagetsi, kusakanizanso. Khungu lomwe ndalivala zaka 46, ndinalephera kulipanga. Angoni anga oyamba anatuluka otuwa ngati angochokera kuchigayo.

Burashi yake ili ndi titsitsi tochepa kuposa ta pamutu pa a Ndevu. Ine amene padenga la kwathu padakali malata atatu odontha, ndinagula galasi lokuzira zinthu kuti ndijambule diso la munthu wosakula ngati nyemba.

Ndiye kunabwera nkhani ya mchenga ija. Kachidole kalikonse kamaima pa kambale kake, ndipo pakambalepo pamafunika dothi ndi udzu kuti pazioneka ngati kutchire. Udzunso amagulitsa. Mitengo amagulitsa. Tinyumba ta udzu amagulitsa, todula kuposa mtolo weniweni wa tsekera. Ndinakumbukira kuti tili ana tinkaumba ng'ombe zadothi kudambo, kupinda magalimoto a mawaya, kukumba bawo pansi pa mtengo wa mango, osalipira ngakhale tambala. Lero ndakwera ndege kudzagula zomwezo ndi khadi la kubanki.

Mayi a kunyumba anaona risiti. Sanakalipe. Anangofunsa modekha kuti, "Bambo a Chikondi, kodi asilikali anuwa akapambana, atilipirira lendi?" Ndinayankha kuti iyi ndi nkhani ya mbiri ya dziko lathu. Iwo anati mbiri yomweyo ndiidye ndi ndiwo yanji.

Patatha miyezi isanu, Angoni anga 128 anakonzeka. A Ndevu ananditengera kukalabu yawo, m'holo ina ya tchalitchi, kumene amuna a imvi amaweramira matebulo atagwira matepi oyezera ndi madayisi. Anandilandira ngati pulofesa. Wina anafunsa za mitundu ya zishango, wina za kuwoloka Zambezi kwa Zwangendaba mu 1835 dzuwa litadetsedwa. Ndinkangogwedeza mutu mwaulemu. Ndikanawauza bwanji kuti ine ndine Mchewa, ndipo agogo anga ankasimba kuti makolo athu akamva kuti Angoni akubwera ankathawira m'phiri la Bunda, nsima ili pamoto?

Nkhondo inayamba. Kutsidya kwa tebulo kunali Asikh amene Harry Johnston anaitanitsa kuchokera ku India, asilikali akuda a boma, ndi mfuti ya chiwaya imodzi. Malamulo amati mtsogoleri aliyense umamuponyera dayisi kuti udziwe khalidwe lake. Induna yanga yaikulu, imene ndinaipenta masiku anayi, inapezeka kuti ndi yamantha. Nditalamula kuti athamange, dayisi linakana. Nditalamulanso, linakananso. Gulu limodzi lomwe linamvera linakumana ndi chiwaya, ndipo tizidole ta miyezi isanu tinabwerera m'bokosi tiyi asanazizire.

Sabata yotsatira a Ndevu anachonderera kuti tisinthane: iwo akhale Gomani, ine ndikhale Bwana. Ndinakana kawiri, kachitatu ndinavomera chifukwa cha ulemu. Abale, ndinapambana. Osati pang'ono. Ndinadzimva ndikufuula kuti "Ombera!" m'holo ya tchalitchi, mtima uli myaa, kwinaku mzungu wa zaka 81 akulirira impi yake. Pobwerera m'basi sindinayang'ane pagalasi. Kukonza mbiri kumene ndinabwerera kuja, ndinathera pokhala wokhometsa msonkho.

Usiku umenewo ndinadzifunsa kuti kodi patebulopo ine weniweni ndine uti. Wa nthenga kumutu anathamangitsa makolo anga, wa chipewa choyera anawakhometsa msonkho wa nyumba. Yankho ndinalipeza mwezi wotsatira pachionetsero cha masewerawa chotchedwa Partizan ku Newark. Pansi pa tebulo lina panali bokosi la zotsikitsidwa mtengo, ndipo mmenemo munali kapaketi ka anthu opanda mfuti, opanda chishango, opanda nsapato, aliyense atasenza katundu pamutu. Amtengatenga. Pa Nkhondo ya Chiwaya ya 1914 mpaka 1918, amuna pafupifupi 200,000 a ku Nyasaland anagwira ntchito imeneyi. Ndinamuyang'anitsitsa mmodzi, khosi litapindika, ndipo ndinaona mphuno ya amalume.

Ndinagula kapaketiko, ndipo khungu lawo ndinalipeza tsiku loyamba lomwelo. M'masewera awa amtengatenga sawombera, salasa. Amangoima kumbuyo kudikira kuti mbali yopambana iwatenge. Ndawaika pawindo, pamene palibe dayisi lingawalamule.

Pochoka ku Newark tsiku lija, a Ndevu anali atagula mabokosi atatu, anzawo awiri anagula mapiri ndi nkhalango. Onse nsana ukuwawa, onse mawondo akuphwanya. Anayang'anana, kenako anayang'ana ine. Mtunda wopita kumene tinaimika galimoto unali wautali ndithu, choncho bokosi lalikululo ndinaliika pamutu.