I am coming, alandilodi

Pamzere wa nyumba zalendi pomwe ndimakhala ku Goliyo, mu Ndirande, katswiri wa Chizungu ndine. Udindowu sindinachite kupempha. Anthu anandiveka okha ataona kuti ndimawerenga nyuzipepala ya Chingerezi, ngakhale kawirikawiri imakhala yomwe andikulungira usipa kumsika. Makalata ofunsira ntchito a mzere wonse ndimalemba ndine, ndipo onse amayamba ndi "I beg to apply". Mpaka lero palibe amene anaitanidwapo ku intaviyu, koma limenelo ndi vuto la chuma cha dziko, galamala yanga ilibe mlandu. Satifiketi ya MSCE ndilibe, poti lamulo lake ndi lakuti ngakhale ukhoze bwanji maphunziro ena, ukagwa Chingerezi pepala sulandira. Masamu ndi sayansi nazonso ndinagwa, koma pocheza ndimangotchula Chingerezi chifukwa n'chomwe anthu amakumvera nacho chisoni.

Mpando wangawu wayamba kugwedezeka chilowereni mwana wanga Chisomo pakasukulu kena ka pulayiveti, komwe wolankhula Chichewa amalipitsidwa faindi. Ndikangoti "off the light", kamwana kamene ndimakalipirira fizi ndi ndalama ya katapila kamayankha kali m'bulangeti kuti, "Daddy, switch off." Ine sindikangana ndi ana. Ndimangodziwa mumtima kuti Chizungu chathu cha m'makomboni sichiphotchoka chisawawa. Chili ndi malamulo ake okhwima, kungoti malamulowo ndi a Chichewa, ndipo ambiri mwa iwo anapangidwa kuti munthu wosauka apulumukirepo.

Tiyambe ndi "I am coming". Mabuku amati mneni akakhala ndi kamchira ka "-ing" ndiye kuti chinthucho chikuchitika panopa. Kwathu munthu amanena mawuwa atadzuka pampando, nsana atakulozetsa, phazi limodzi lili kale panja. Ndi "ndikubwera" wathu uja, mawu aulemu, chifukwa kumuuza mlendo kuti "ndapita" kuli ngati kumuthamangitsa. Chovuta n'chakuti "-ing" wa ku Ndirande alibe malire. Angatanthauze mphindi ziwiri zokataya madzi kuseri, angatanthauzenso zaka. Alamu anga ananena "I am coming" tili pamalo ena omwera pa Chinseu, mabotolo atadzaza tebulo, bilu isanabwere. Pano ali ku Johannesburg, ndipo pa WhatsApp amalembabe kuti akubwera. Sindingawatsutse, pagalamala sananame.

Koma pomwe Chizungu chimandigwirira ntchito kwenikweni ndi pankhani ya lendi. Chichewa n'chilankhulo choulula zinsinsi. Ukati "ndilipira", aliyense amadziwa kuti ndi lero lomwe kapena mawa m'mawa. Ukati "ndidzalipira", kachidutswa ka "dza" kamene kali pakatipo kakuneneza kale kuti nkhaniyi ndi ya mtsogolo mwakutali, mwina chimanga chikadzacha. Alandilodi athu, mayi wa ku Bangwe amene amafika pa 1 mwezi uliwonse tambala asanatsike, kope lili kukhwapa, amakamva kachidutswaka ngakhale utanong'ona.

"Bambo a Chisomo, 'dza' ameneyu mwamutenga kuti? Pomwe mumalowa m'nyumba muno tinagwirizana za 'dza'?"

Ndiye masiku ano ndimawayankha m'Chizungu: "I will pay, madam." Mzungu anaika tsogolo lonse mu "will" mmodzi, la madzulo ano ndi la tsiku lachiweruzo lomwe. Akandipanikiza kuti liti, ndimati "month end". Mabuku amafuna kuti patsogolo pakepo pakhale "the" wolozera mwezi weniweniwo, koma ife timawu totere sitinatizolowere chifukwa m'Chichewa mulibe, ndipo ine sindikuona chifukwa choyambira kutiphunzira pa msinkhu uno. Mwezi uliwonse uli ndi mathero ake.

Za "borrow me" Chisomo wandidzudzula mpaka watopa. Akuti wopereka amachita "lend", wolandira ndiye amachita "borrow". Kumeneko n'kuganiza kwa anthu amene katundu wawo amagona kunyumba kwawo. Pamzere pathu pali ayironi imodzi yamakala, ija yokhala ndi katambala pachotsekera, chogwirira chake chomangidwa ndi waya. Loweruka madzulo imayenda khomo ndi khomo kusita zovala zakutchalitchi, makala ake osazima. Mwini wake weniweni anaiwalika kalekale, moti tsiku lina mayi a Chisomo anakaibwereka kwa aneba kenako n'kuzindikira pa chizindikiro cha kunsi kuti inali mphatso ya paukwati wathu. Pamalo otere, kusiyanitsa wobwereka ndi wobwereketsa n'kungofuna kuyambanitsa anthu.

Mantha athu pa Chizungu ndi akale. Kamuzu Banda ankalankhula Chingerezi pamisonkhano, womasulira ataima pambali, poyamba John Msonthi kenako John Tembo, pomwe chipani chake chomwe chinali chitakweza Chichewa kukhala chilankhulo cha fuko mu 1968. Mu 1981 anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, komwe ana amaphunzira ndi Chilatini ndi Chigiriki chomwe. Malamulo a dziko lino amafuna kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi, ndipo mu 2014 unduna wa zamaphunziro unalengeza kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1. Komabe ndikatchera wailesi aphungu akukambirana, ndimamva abale anga enieni. "Isn't it?" yemwe ine ndimamata kumapeto kwa chiganizo chilichonse m'malo mwa "eti?", nawonso amamata. "Furnitures" ndi "equipments" aliponso, ndipo ali ndi chifukwa: mipando ikakhala yambiri, wakuletsa kuika "s" ndani? Kusiyana kwathu n'kwakuti iwo amalandira alawansi.

"He" ndi "she" ndiye musandifunse. Ife tili ndi "iye" mmodzi wokwanira mwamuna ndi mkazi, ndipo palibe banja linasokonekerapo. Paukwati wina ku Zingwangwa anandipatsa maikolofoni kuti ndilandire alendo ochokera kunja, ndipo ndinayamikira mkwatibwi kuti "he is very beautiful". Akuchimuna anaomba m'manja poganiza kuti ndikunena mwana wawo.

Chomwe chimandipweteka mutu kwambiri ndi ulemu. Apongozi anga aakazi akabwera kuchokera ku Machinjiri, lilime langa limakana kuwatchula "she". Munthu amene ndimamupatukira panjira, amene sindidya naye mbale imodzi, ndingamuike bwanji m'kamawu kamodzi ndi kamtsikana kogulitsa mandasi? Choncho wina akafunsa ndimati, "They are sleeping." Chisomo amasuzumira kuchipinda n'kubwera kudzandifunsa kuti agogo ali ndi ndani. Ndinadzamva kwa m'busa wina wowerenga Baibulo la Chingerezi chakale, lija la King James la 1611, kuti Azungu nawo anali ndi "iwe" wawo, "thou", pomwe "you" anali wa anthu ambiri, n'kudzakhalanso wa ulemu. M'kupita kwa nthawi "thou" uja anamutaya. Ndiye kuti Mzungu sachita mwano kwa apongozi ake monga ndinkaganizira. Amangolemekeza aliyense mofanana, mpaka galu wake amamuti "inu".

Lamulo limodzi lokha ndi lomwe linandidyera ntchito. M'Chichewa munthu akakufunsa kuti "Simunadye?", iwe usanadyedi, umayankha kuti "Inde", kuvomereza kuti wanena zoona. Mzungu pamenepo amafuna "No". Nthawi ina ndinali mlonda wa usiku pakampani ina ku Makata, ndipo kutacha kunapezeka kuti matayala awiri a lole asowa. Bwana anandiitanitsa ku ofesi, ine chipewa m'manja, chikhoti chija chikununkha utsi wa mbaula.

"You didn't sleep on duty?"

"Yes, sir."

"So you slept?"

"No, sir."

"You did not sleep?"

"Yes, sir."

Bwana anavula magalasi n'kuyang'ana kalaliki, kalaliki n'kuyang'ana kudenga. Anandifunsanso pang'onopang'ono, mawu amodziamodzi, ine n'kuyankhanso chimodzimodzi pang'onopang'ono, poti galamala yanga inali yolondola ndipo sindikanaisintha chifukwa choopa munthu. M'kalata yondichotsa ntchito analemba kuti ndinavomera mlandu kawiri n'kuukana kamodzi. Chomwe chinawononga zinthu n'chakuti kalaliki uja anali ataona kale chidindo cha katoni patsaya langa.