Malangizo kwa Wofuna Kudya Mwamtendere Nkhondo Ili Mkati

Bwana, ngati muli pa udindo ndipo dziko lanu lili pa nkhondo, dziwani kuti anzanu a m'mayiko a bata akukuchitirani nsanje. Iwo akafunsidwa kumene kwalowera ndalama za mlatho, amagona usiku wonse akupeka yankho. Inu yankho muli nalo kale, limodzi lokha, lokwanira mafunso onse: tili pa nkhondo. Ndipo ubwino wake ndi wakuti simukunama. Mizinga ikugwadi, anthu akufadi.

Malangizowa tawatola ku Ukraine, kumene kuyambira pa 24 Febuluwale 2022, Russia italowa m'dzikomo ndi mphamvu zake zonse, akuluakulu ena akhala akuyesa njira izi ndi izo. Zambiri zinawakanika, n'chifukwa chake zikuthandizani. Muona pamene anapunthwa.

Za chisankho musavutike nazo. Malamulo a nthawi ya nkhondo salola kuvota, choncho chisankho cha aphungu cha 2023 ndi cha pulezidenti cha 2024 sizinachitike. Chifukwa chake n'chomveka, ndipo ngakhale ambiri otsutsa boma anavomereza: anthu mamiliyoni anathawa kwawo, asilikali ali m'maenje kutsogolo, mzere wa ovota ungakhale chandamale cha mzinga. Wovota ndiye wakhala pansi. Otsala amene angakusowetseni tulo ndi atolankhani, makhoti, ndi mabungwe awiri amene anakhazikitsidwa mu 2015: NABU yofufuza katangale wa akuluakulu, ndi SAPO yozenga milanduyo. Ntchito yanu yonse yagona pa amenewa.

Koma tisanafike kwa iwo, chenjezo: musadye pa mazira. Mu Januwale 2023 mtolankhani Yuriy Nikolov analemba m'nyuzipepala ya Dzerkalo Tyzhnia za kontirakiti ya chakudya cha asilikali, momwe dzira limodzi linali pa mtengo wa ma hryvnia 17, pamene m'masitolo a ku Kyiv linali pafupifupi 7. Unduna wa zachitetezo unayankha kuti munthu anangolakwitsa polemba, mtengowo unali wa kilogalamu. Yankho labwino ndithu, koma linafika mochedwa. Wachiwiri kwa nduna, Vyacheslav Shapovalov, anatula pansi udindo patangopita masiku ochepa, nduna yake Oleksii Reznikov anachoka mu Seputembala chaka chomwecho, ndipo aphungu anakhazikitsa lamulo loti mitengo ya zinthu zotere iziululidwa. Vuto la dzira ndi lakuti aliyense amadziwa mtengo wake. Mayi amene mwana wake ali kunkhondo amaligula m'mawa uliwonse, safuna katswiri woti amuwerengere. Inu sankhani katundu amene munthu wamba sanamugwirepo ndi manja: zipangizo za makina a magetsi, konkire wotchinga matransifoma, zinthu za dzina lalitali lokhala ndi manambala. Pamenepo ngakhale mutaikapo kawiri, wofunsa ayenera kuyamba wapita kusukulu.

Chinsinsi chigwiritseni ntchito mokwanira. Nkhondo itayamba, lamulo loti akuluakulu aziulula chuma chawo linaimitsidwa, ndipo kaundula wake anatsekedwa, poti mdani angaonemo kumene mabwana amakhala. Mu Seputembala 2023 aphungu anavomera kuti kuulula kuyambirenso, koma kaundulayo akhale wotseka kwa chaka china. Nzeru yokongola imeneyo: mwaulula, koma kwa kabati yokhoma. Anaiwononga ndi anthu amene anasainira pempho kwa pulezidenti mwa unyinji wawo, Volodymyr Zelensky n'kukana kusainira lamulolo. Kaundula anatsegulidwa. Phunziro lake ndi lakuti nyumba yanu isamakhale m'dzina lanu. Komanso isakhale yoonekera ngati ya ku Marbella, ku Spain, imene atolankhani anaipeza m'dzina la achibale a mkulu wolemba asilikali ku Odesa, mpaka pulezidenti anachotsa akuluakulu onse a maofesi otere m'zigawo zonse mu Ogasiti 2023. Munthu mmodzi wosadziletsa anatayitsa anzake onse mbale.

Atolankhani musawatsutse pa nkhani yawo, atsutseni pa khalidwe. Mu Januwale 2024 panatuluka kanema woonetsa antchito ena a gulu lofufuza nkhani la Bihus.Info akugwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo pa phwando lawo lotsekera chaka. Njira yake inali yolondola. Kulakwa kunali kuiwala kuti anthuwa ntchito yawo ndi kufufuza. Anatsatira amene anaika makamera m'zipinda zimene anagonamo, n'kupeza kuti ndi anthu a SBU, nthambi ya chitetezo cha dziko, ndipo mkulu wa dipatimenti yokhudzidwayo anachotsedwa ntchito. Mukamatuma anthu okaika kamera, auzeni kuti pamalopo pali makamera enanso.

Tsopano nkhani yaikulu. NABU ndi SAPO musazithetse ayi. Kuthetsa bungwe kumachita phokoso, ndipo amene amakupatsani ndalama amamva. Lisiyeni ndi dzina lake, nyumba yake, magalimoto ake ndi chikwangwani pakhomo. Inu mungosintha amene limamumvera.

Kachitidwe kake kanaoneka bwino mu Julayi 2025, ndipo n'koyenera kukaloweza. Mwezi wa Juni, NABU inali itatchula wachiwiri kwa nduna yaikulu, Oleksii Chernyshov, kuti ikumuganizira pa mlandu wa katangale. Moto unali utayandikira khonde. Pa 21 Julayi, anthu a SBU ndi anzawo anachita chipikisheni m'malo pafupifupi 70 okhudza antchito a NABU. Ena anawanena kuti ali pa ubale ndi Russia, ena anawakumbira milandu ya ngozi za pamsewu za zaka zapitazo. Osanyoza milandu ya pamsewuyo, imathandiza kudzaza mndandanda. Koma mawu ofunika ndi akuti kazitape. Pa nthawi ya nkhondo palibe amene amafuna kuoneka akuikira kumbuyo munthu amene wanenedwa kuti ndi wa mdani, ndipo umboni ukhoza kubwera pambuyo, kapena osabwera.

Kutacha, pa 22 Julayi, m'Nyumba ya Malamulo munalowa bilu nambala 12414. Poyamba biluyi inali yokhudza kufufuza anthu amene asowa pa nthawi ya nkhondo. Taonani luso lake: ndani angaime n'kuvota motsutsa kufunafuna ana a anthu amene asowa? M'kati mwake ndi mmene analowetsamo ndime zopatsa mkulu wozenga milandu m'dziko lonse mphamvu yolamula SAPO, yoitanitsa mafayilo a NABU ndi yosamutsa mlandu kuupereka kwa ofufuza ena. Mkuluyo amasankhidwa ndi pulezidenti movomerezedwa ndi aphungu, ndipo amene analipo, Ruslan Kravchenko, anali atangokhala pampandowo mwezi umodzi. Aphungu 263 anavomera. Pulezidenti anasainira madzulo omwewo, n'kufotokoza kuti cholinga ndi kuchotsa dzanja la Russia m'mabungwewo. Kuwerenga, kuvota ndi kusainira, zonse dzuwa limodzi. Fulumirani chomwecho. Bilu ikagona masiku atatu, wina amaiwerenga.

Mpaka apa palibe chimene tingawadzudzule nacho. Analakwa pa kuwerengera anthu. Ankaganiza kuti mtundu umene wakhala zaka zitatu ndi theka osachita zionetsero zazikulu zotsutsa boma lake, poopa kusangalatsa mdani, upitiriza kukhala chete. Usiku womwewo achinyamata anadzaza bwalo la pafupi ndi nyumba ya zisudzo ya Ivan Franko ku Kyiv, pamalo pamene ofesi ya pulezidenti imaonekera. Ku Lviv, ku Dnipro, ku Odesa chimodzimodzi. Analibe mbendera za zipani, analibe mtsogoleri woti mumugule kapena mumumange. Ananyamula zidutswa za makatoni, zong'amba pa mabokosi, zolembedwa ndi chekeni, zina mawu ake osayenera kuwabwereza pamaso pa apongozi. Ena analemba za bambo awo kapena achimwene awo amene ali kunkhondo, ena za amene anafera komweko. Pakati pawo panali asilikali opuma, ena oyendera miyendo yoikirira. Apa mawu aja akuti kazitape amakanika kutuluka pakamwa. Munthu amene anasiya mwendo kunkhondo ku Donbas simungamuuze kuti sakonda dziko lake, ndipo yankho lanu lija lakuti tili pa nkhondo iye amalidziwa kuposa inu. Usiku ankabalalika mwaulemu, mawa n'kubweranso. Ngati mungathe, letsani makatoni.

Muganizirenso za amene akusunga thumba. Dziko limene bajeti yake ikudalira thandizo la kunja, ndipo kuyambira Juni 2022 lili pa mndandanda wa ofuna kulowa mu European Union, silingathe kutseka foni. Marta Kos, woona za mayiko ofuna kulowa m'bungweli, anadzudzula tsiku lomwelo, ndipo Ursula von der Leyen, mkulu wa nthambi yoyendetsa bungweli, anafuna kumva tsatanetsatane kwa Zelensky. Pa 24 Julayi Zelensky anapereka bilu ina yobwezeretsa ufulu wa mabungwe aja. Pa 31 Julayi aphungu 331 anaivomera, wotsutsa panalibe. Ambiri mwa iwo ndi omwe aja anakweza manja masiku asanu ndi anayi m'mbuyomo. Izi zikulimbitseni mtima: phungu wabwino amavota mbali zonse ziwiri ndi nkhope imodzi.

Onani tsono mtengo wa kubwerera m'mbuyo. Pa 10 Novembala 2025, mizinda ikugona mumdima chifukwa Russia inali kuphulitsa malo opangira magetsi, NABU inaulula kafukufuku amene inamutcha Midas, wa miyezi 15, wokhala ndi mawu ojambulidwa a maola pafupifupi 1,000. Inati gulu lina linkadula 10 mpaka 15 pa 100 iliyonse pa makontirakiti a Energoatom, kampani ya boma ya magetsi a nyukiliya, ndipo ndalama zonse zinafika pafupifupi madola 100 miliyoni. Amene inamutchula kuti ndi mutu wa gululo ndi Timur Mindich, mmodzi mwa eni ake a Kvartal 95, kampani ya zisudzo imene Zelensky anayambitsa ndi anzake. Nduna ziwiri, Herman Halushchenko ndi Svitlana Hrynchuk, zinachoka. Pa 28 Novembala ofufuza anafika kunyumba kwa Andriy Yermak, mkulu wa ofesi ya pulezidenti, ndipo tsiku lomwelo anatula pansi udindo. Ganizirani fayilo yonseyo ikanakhala yoti munthu mmodzi akhoza kuiitanitsa ndi kalata, n'kuipereka kwa wofufuza wodekha mtima.

M'mawu ojambulidwawo anthu ankaitanana ndi mayina obisa: Karlson, Tenor, Professor. Musataye nthawi ndi zimenezi. Dzina lobisa silithandiza ngati mukukamba nkhani zanu m'chipinda chimodzimodzi kwa chaka chathunthu, mokweza, mukuwerenga ndalama. Kambiranani panja, mukuyenda, mafoni mutasiya m'galimoto. Ndipo pasipoti isamakhale mu sefa ya ku ofesi. Amuna ambiri a msinkhu wa usilikali saloledwa kutuluka m'dziko nkhondo ili mkati, koma Mindich anadutsa malire kutatsala maola ochepa kuti ofufuza agogode pakhomo pake.